Mutu 6: Mphuno ya Lovemore Itsika M'chitsime

1. Kabokosi kodziwa kununkhiza

Pasukulu ya sekondale imene Lovemore Chikaonda ankaphunzira mu Mzuzu panalibe wosamudziwa. Sikuti anali wanzeru kuposa anzake ayi, koma ankadzilengeza yekha. Anali mu Fomu 3. Banja lawo linachokera ku Limbe zaka ziwiri m'mbuyomo, bambo ake atawasamutsa kuntchito, ndipo chifikireni mnyamatayu ankayenda ngati mzinda wonse uyenera kumuthokoza chifukwa chobwera. Mnzake akalankhula Chichewa chopendekera ku Chitumbuka, iye ankabwereza mawuwo monyogodola mpaka mnzakeyo kukhala chete. Kunena mosabisa, Lovemore ankadzimva shuga.

Chaka chimenecho kalabu ya sayansi inapanga chinthu chimene ankachitcha mphuno yamagetsi. Kanali kabokosi kapulasitiki konga kotengeramo chakudya. M'kati mwake munali tizipangizo tinayi tonunkhiza ndi batire, ndipo pamwamba panali kasikirini kolemba mawu. Amene analumikiza mawaya onse anali Sharon Mhango, mtsikana wosalankhulalankhula wa ku Ching'ambo. Lovemore ntchito yake inali kuimirira pafupi ndi kabokosiko alendo akabwera, n'kumati "ndinapanga".

Mphunzitsi woyang'anira kalabuyo, Mayi Msiska, anawasonkhanitsa Lachisanu masana, popeza Lolemba kunali chionetsero cha sayansi cha masukulu.

"Mphuno zoterezi kunjaku zafika patali," anatero Mayi Msiska. "M'mafakitale zimagwira gasi akamathawa m'mapaipi. Ena amanunkhizira khofi kuti adziwe wabwino, ena mkaka ndi nyama ngati zayamba kuwonongeka. Madokotala ena akuyesa zoti zizinunkhiza mpweya wa m'kamwa mwa wodwala n'kuthandiza kupeza matenda. Koma yathuyi ndi khanda. Taiphunzitsa zinthu zinayi zokha: gasi wophikira, utsi wa makala, palafini ndi nsomba yowola. Munaona nokha kuti chilichonse tinkainunkhizitsa kambirimbiri mpaka inazolowera. Chimene sitinaiphunzitse siichidziwa, ngakhale chikhale choopsa bwanji. N'chifukwa chake ikapanda kupeza zinayizo imalemba kuti SINDIKUMVA KANTHU. Mawu amenewa musawasinthe. Kusamva kanthu sikutanthauza kuti kulibe kanthu. Ndipo kabokosika kasatuluke m'chipinda muno popanda ine. Mwamva?"

"Tamva, madamu," onse anayankha. Lovemore ndiye anayankha mokweza kuposa onse.

Aphunzitsiwo atangotuluka, iye anakhala pa kompyuta ya kalabu, nalumikiza kabokosi kaja.

"Ukutani iwe?" anafunsa Sharon.

"Ndikukonza manyazi athu. Mphuno yanji yomangoti sindikumva kanthu ngati nkhalamba yogontha? Oweruza adzatiseka."

Anafufuta mawu a Mayi Msiska aja n'kulemba ake: ZILI BWINO.

"Yayi, Lovemore, madamu akana. Bwezera."

"Iwe dziwa za mawaya, zolankhula undisiyire ine. Mawa ubwere ndi foni ku Mzilawaingwe, kupuloti kwathu. Akukumba chitsime. Tikajambule vidiyo yoti oweruza akaone mphunoyi ikugwira ntchito yeniyeni."

Anaponya kabokosiko m'chikwama n'kutuluka akuimba likhweru. Sharon anavomera kupita, osati chifukwa chogwirizana nazo, koma poopa kuti chitsirucho chiphwanya ntchito yake ya miyezi itatu.

2. Anthu a matope

Bambo a Lovemore, a Paison Chikaonda, ankamanga nyumba ku Mzilawaingwe. Madzi a m'mipope kumeneko ankavuta, choncho anaitana a Zebedee Nyirenda kuti awakumbire chitsime kuseri kwa nyumbayo. A Zebedee anali bambo wamfupi, woonda, wa imvi za apa ndi apo, ndipo anali atakumba zitsime zaka makumi atatu. Ankagwira ntchito ndi mwana wa mlongo wawo, Gomezgani, mwamuna wadzitho wa ana awiri.

Chitsimecho chinali chitafika mafiti makumi anayi pamene a Zebedee anaitanidwa kumaliro a mchimwene wawo ku Rumphi. Anachivundikira ndi malata n'kupsinjapo miyala. Loweruka limenelo kunali kubwerera kwawo pantchito patapita milungu itatu.

Lovemore ndi Sharon anafika dzuwa litakwera pang'ono. A Paison anali atapita m'tauni kukagula simenti. Anapeza Gomezgani akuchotsa malata aja, a Zebedee atakhala pa njerwa akupukuta nyali ya koloboyi yopangidwa ndi kachitini.

"Monire, adada," Sharon anapereka moni akupinda mawondo.

"Yewo, mwana wane. Muli uli?"

"Tili makola, kwali imwe?"

Lovemore sanapereke moni. Kwa iye anthu opaka matope m'miyendo sankawerengedwa. Anatulutsa kabokosi kaja, kamene anali atakamangirira kachingwe kokolekera m'khosi, nakayatsa.

"Sharon, yamba kujambula. Madala, tabweretsani kachitini kanuko."

Anayandikiza kabokosiko pa nyali ija. Nyaliyo inali itauma pa milungu itatu ija, koma fungo linalipo. Patapita kanthawi kasikirini kanalemba kuti PALAFINI.

"Mwaona? This is science!"

Gomezgani anasuzumira, nagwedeza mutu mogoma. "Ichi ntchanzeru chomene."

Kuyamikirako kunangomuwonjezera matama mnyamata uja. Anaona kapoto ka Gomezgani pamthunzi, nakavundukula osapempha. Munali usipa wotsala dzulo, kamba wa tsikulo. Kasikirini kanalemba kuti NSOMBA YOWOLA.

Lovemore anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, ndiye mumadya zowola? Sharon, jambula bwinobwino apa!"

Sharon anatsitsa foni. Gomezgani anavundikira kapoto kake mwakachetechete, nkhope itagwa. Bambo wa ana awiri kuchititsidwa manyazi ndi kamwana kosadziwa n'komwe mtengo wa usipa! Koma poti Lovemore anali mwana wa bwana, Gomezgani anangozisiya.

3. Chenjezo la a Zebedee

"Tsopano tiyeze chitsime," anatero Lovemore. "Lero simuvutika ndi kachitini kanuko. Mphuno yanga itiuza ngati pansipo pali mpweya woipa."

A Zebedee anaika nyali pansi. Anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kunsapato zake zoyera mpaka kumutu.

"Mwana wane, khala apa ndikuuze. Chinthu chakocho ndachiona, n'chabwino, ndipo uphunzire chomene kuti udzapange zoposa apa. Koma chimagwira fungo. Chimene chimapha munthu m'chitsime chilibe fungo. Sichinunkha, sichioneka, sichiyabwa m'maso. Chitsime chikakhala chotseka masiku ambiri, pansi pamadzaza mpweya wolemera umene umathamangitsa mpweya wabwino uwu tikupumawu. Ukatsikamo umayamba kupuma mofulumira ngati wathamanga, mutu umalemera, miyendo imafooka. Ukati ndikuwe, mawu satuluka. Basi wagona.

"Ine ndinayamba ntchitoyi ndi mnzanga Goodwell, ku Ekwendeni. Tsiku lina tinaiwala machesi. Iye anati, aa, dzulo lomweli tinali momwemu, tichedwerenji? Anatsika akuimba nyimbo ya kwaya. Nyimboyo inangodukira pakati. Tinamutulutsa ndi ngowe, mwana wane, ngati ndowa yogwera. Anasiya mkazi ali ndi pakati.

"Kuchokera tsiku limenelo sinditsika nyali isanatsike. Timaiyatsa, timaiika m'ndowa, timaitsitsa pang'onopang'ono. Moto umapuma ngati munthu. Ukafika pansi uli kuyaka, nanenso ndikapuma. Ukazima, timamanga nthambi za masamba pachingwe, n'kumazikweza ndi kuzitsitsa mpaka mpweya usinthe, ngakhale zititengere tsiku lonse. Chitsime ichi chagona milungu itatu. Palibe munthu aikemo phazi ndisanayatse nyali iyi. Wandimva?"

Mawu ngati amenewa akanalowa ngakhale m'mutu mwa mwana wa sitandade wanu. Koma Lovemore nthawi yonseyi ankangopukuta kasikirini ndi malaya.

"Mwatha, madala? Anthu akunja ali pa makompyuta, inu mukadali pa kachitini ka nsomba ndi chingwe cha bulangete. Mawu amene kabokosi aka kamanena anavomereza ndi aphunzitsi anga, munthu wa digiri. Inu munalekezera kalasi yanji?"

Linali bodza lamkunkhuniza, ndipo Sharon anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma Lovemore anamuyang'ana ndi diso loopseza.

A Zebedee sanakwiye. Anangoimirira n'kusansa fumbi pa buluku.

"Ndinalekezera sitandade folo," anatero. "Gomezgani, kadule nthambi kumtengo uko. Ine ndikagule palafini pa okala apo, sindichedwa. Iwe mtsikana, umuyang'anire mnzakoyu."

4. Mafiti makumi anayi

Akuluakulu aja atangopotoloka, Lovemore anaika kabokosi m'ndowa n'kuitsitsa ndi chingwe mpaka inagunda pansi. Anawerenga mpaka makumi asanu, naikoka. Kasikirini kanali kakuwala: ZILI BWINO.

"Waona? Nkhani zonse zija zinali zoopsezera ana."

"Lovemore, mawuwo unalemba ndiwe dzulo," anatero Sharon. "Kakutanthauza kuti mulibe gasi, mulibe utsi, mulibe palafini, mulibe nsomba. Basi. Za mpweya akunena adadawo sitinakaphunzitse."

"Mantha ako ndi omwewo. Vidiyo ya ndowa ndani angaionere? Ndikutsika ndekha, kabokosi kali pakhosi. Ndikafika pansi ndikweza dzanja, iwe ujambule. Madalawo akamabwera ndi kachitini kawo andipeza ndatuluka kale."

"Dikira nyali, chonde. Mphindi zisanu zokha."

"Ndidikire kachitini ine?"

Apa m'pamene panali posankha. Aphunzitsi ake anali atanena, a Zebedee anali atanena, mnzake anali kumuchonderera. Anthu atatu, mawu amodzi. Koma mnyamata amene ankanyoza kabokosi chifukwa chonena kuti sikakumva kanthu, iye mwini ndiye anali wosamva weniweni.

Anavula nsapato zoyera zija n'kuziika bwinobwino pa njerwa kuti zisade. Za nsapato anaganiza, za moyo wake ayi. Anakoleka kabokosi m'khosi, nayamba kutsika akuponda m'timaenje timene okumba amasema m'mbali mwa chitsime.

"Ukujambula?" mawu ake anamveka kuchokera m'kati.

"Bwerera, Lovemore!"

"Kuno kuli fresh! Uwauze madala aja kuti..."

Sanamalize. Kunamveka kupuma kwa befu, kenaka dothi kugumuka, kenaka chinthu cholemera kuti khu! Kenaka zii.

Sharon anakuwa mokweza moti agalu a m'dera lonselo anayamba kuuwa. Gomezgani anataya nthambi n'kuthamanga. Amisiri awiri amene ankamanga mpanda pa puloti yoyandikana nayo analumpha njerwa. A Zebedee anatulukira pakona ali ndi kabotolo ka palafini m'manja, ndipo atangoona nsapato zoyera pa njerwa anadziwa zonse.

"Asibweni, nditsike ine!" anatero Gomezgani kwa amalume akewo, akuvula malaya.

"Yayi! Iwe ukatsika akukoka ndani? Ine ndine wopepuka. Bweretsa zingwe zonse ziwiri, luwiro!"

"Nanga nyali? Nthambi?"

"Nthawi ya nyali yatha."

Munthu amene kwa zaka makumi atatu sanatsikepo nyali isanatsike anadzimanga chingwe m'chiuno, natenga chinacho m'manja.

"Chitsimechi n'chopapatiza, sititulukira limodzi. Ndikagwedeza chingwe, mukoke mwanayo poyamba. Mwamva? Mwanayo poyamba."

Anakoka mpweya wambiri katatu, natseka pakamwa, ndipo amuna aja anawatsitsa mofulumira. Pamwamba onse maso anali pa chingwe. Sharon ankalira mosatulutsa mawu. Patapita nthawi imene inaoneka ngati chaka, chingwe chachiwiri chinagwedezeka.

Amuna atatu aja anakoka ndi mphamvu zawo zonse. Lovemore anatuluka atamangidwa m'khwapa, mutu uli lende, milomo itada, chipumi chikuchucha magazi. Anamugoneka pa mchenga. Pachifuwa pake kabokosi kaja kanali kakuwalabe, kakuuza aliyense wofuna kuwerenga kuti ZILI BWINO.

"Asibweni! Asibweni!" Gomezgani anakuwira m'chitsime. Sikunabwere yankho.

Anakoka chingwe choyamba chija. Chinali cholemera ngati thumba la mchenga. A Zebedee anatuluka maso ali otseka, manja ali lobodo. Gomezgani anawagoneka chagada n'kuyamba kuwapsinja pachifuwa, akuitana dzina la Chiuta. Mmodzi wa amisiri aja anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto.

5. Funso la Nyagondwe

Lovemore anatsitsimuka ali m'galimoto, asanafike n'kuchipatala komwe. Madokotala anamupima, anamusoka pachipumi, namuuza kuti ali ndi mwayi. A Zebedee ndiwo anawathamangitsira m'chipinda cha odwala kwambiri, chitseko n'kutsekedwa.

Pofika masana Lovemore anali pa benchi ya m'khonde la chipatala, wopanda nsapato, matope ali m'miyendo ngati anthu aja ankawanyoza m'mawa. Bambo ake anaima chapatali atapinda manja. Sharon anakhala kumapeto kwa benchi atafukata kabokosi kaja. Anali ataimbira foni Mayi Msiska, ndipo anati ali m'njira.

Kenaka Gomezgani analowa ndi mayi wina wamtali, wovala chitenje chofwifwa, thukuta lili kamukamu. Anali mkazi wa a Zebedee, amene anthu ankamutchula ndi dzina la kwawo kuti Nyagondwe. Uthenga unawapeza akugulitsa tomato pamsika, ndipo anasiya benchi lawo momwemo.

A Paison anayandikira kuti apepese, koma mayiwo anawadutsa n'kukaima pamaso pa Lovemore.

"Ndiwe mwana wa bwanayu?"

"Eya, mayi." Mawu ake anali aang'ono ngati a mwana wa mkaka. Chingerezi chonse chija chinali chitatsalira m'chitsime.

"Dzuka ndikuone."

Anaimirira, maso ali pansi.

"Uli moyo. Yewo, Chiuta. Ndiye kuti sanatsikire pachabe." Anapuma pang'ono. "Amuna anga aja m'nyumba mwathu timawaseka chifukwa cha nyali yawo. Palafini akatha, amalolera kuti tidye mumdima koma wa m'kachitini kaja asakhudzidwe. Ana asanu ndalera ndi zitsime, ndipo tsiku lililonse amabwera madzulo ndi miyendo yawo. Nyali ija sinawanamizepo. Lero Gomezgani akundiuza kuti kabokosi kako kananena kuti zili bwino, ndipo iwe unati mawuwo anavomereza ndi aphunzitsi ako. Ine sukulu sindinapite nayo patali, mwana wane, koma ndikudziwa kuti chitsulo sichinama chokha. Alipo anachiphunzitsa. Ndikufuna dzina la munthu ameneyo, ndimuone nkhope, ndimufunse ngati ali ndi ana."

Lovemore anadzutsa mutu. Anayang'ana Sharon. Sharon sanaphethire n'komwe. Anayang'ana bambo ake, ndipo anapeza kuti nawonso akudikira yankho. Kumapeto kwa khonde kunatulukira Mayi Msiska, akuyenda mothamanga, chikwama chili m'manja, osadziwa kuti dzina lawo laikidwa kale pamoto.

Kunena kuti "ndi awo akubwerawo" kunali kosavuta, ndipo pakamwa pa Lovemore panali patazolowera zosavuta. Mayina anali awiri okha oti asankhepo.

Asanatsegule pakamwa, chitseko chija chinatseguka. Namwino anasuzumira, nkhope yake yosawerengeka.

"Akazi awo a bambo Zebedee Nyirenda ndi ati? Adokotala akukufunani. Mulowe nokha."

Nyagondwe anamanga chitenje chawo mwamphamvu. Atafika pakhomo anatembenuka n'kumuloza Lovemore ndi chala.

"Usachoke pamenepo. Kaya ndikapeza zotani m'katimu, ndikatuluka undiuze dzinalo."

Chitseko chinatsekeka. Sharon anaimirira, naika kabokosi kaja pamiyendo ya Lovemore, kasikirini katayang'ana kumwamba kuti awerenge yekha zimene analemba.